Kabuku M'thumba, Khasu M'manja

Mau akuti "adzukulu" ali ndi matanthauzo awiri m'Cicewa, ndipo aliyense wa inu amene anakulira kumudzi amawadziwa onse awiri popanda womuuza. Adzukulu ndiwo ana a ana ako, aja okhala pamiyendo ya agogo madzulo. Adzukulu ndiwonso anthu aja amene amalawira mbandakuca ndi makasu, mapiki ndi mafosholo kupita kumanda kukakonza pogona pa munthu amene watisiya. Kodi munayamba mwadzifunsapo cifukwa cake dzina limodzi lili pa anthu osiyana cotere? Ine funso limeneli linandipeza ndili kutali ndi kwathu, m'kalasi ya kalembedwe ku koleji ku Chipata, ndipo kuti ndipeze yankho ndinacita kubwerera kumudzi kwa Mwase Lundazi ndi kukalowa m'dzenje lofika m'khosi.

Phunziro la kalembedwe ophunzira ambiri amaliyesa lopepuka. Amati ndi nkhani ya kumanga ziganizo, kugawa ndime ndi kudziwa poika mpumiro. Teremu yoyamba zinalidi conco. Koma pakati pa caka ca 2023 mphunzitsi wathu, mai wina wolankhula motsitsa amene sanali kubwereza mau kawiri, anatiuza kuti nchito yathu yaikulu idzakhala ethnography. Mau amenewa alibe mnzake m'cinenero cathu, koma tanthauzo lake si lovuta. Ndiko kulemba za moyo wa gulu lina la anthu utayamba wakhala nao, kudya nao, kugwira nao nchito, kuwamvetsera ndi kuwafunsa, kufikira utamvetsa m'mene iwo eni amaonera zimene amacita. Anati sakufuna nkhani yokopera m'mabuku kapena pa intaneti. Anafuna masamba 15 olembedwa ndi munthu wa fumbi kumapazi.

Anzanga anasankha zapafupi. Wina anatenga anyamata onyamula anthu pa njinga m'tauni ya Chipata, wina azimai ogulitsa tomato ndi kapenta pa msika wa Kapata, winanso anyamata osintha ndalama pa malire a Mwami. Ine ndinasankha adzukulu, pakuti ndinali ndi kanthu kondibaya mumtima. Ndimatsogolera acinyamata a mumpingo mwathu, ndipo maliro akagwa ndife timacezera usiku wonse kuimba pa siwa. Koma kwa zaka zingapo ndinali kumva akulu akung'ung'udza kuti anyamata a kwaya ali ndi mau okoma koma manja ao ndi ofewa: kukaca iwo amapita kukagona, okumba ndi ena. Anyamata anga nao anali kuyankha kuti kumanda kumacitika zosayenera munthu wopemphera, monga nthabwala zolaula, mowa, ndi zina zimene sanali kufuna kuzichula. Mbali zonse ziwiri zinali kudandaulira ine, pamene ine mwini ndinali ndisanaonepo m'mene manda amakumbidwira.

Kwa inu owerenga a kutali, kwa Mwase Lundazi ndi dziko la Acewa m'boma la Lundazi, pafupi ndi malire a Malawi. Kucoka ku Chipata kufika pa boma ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Ufumu wa Mwase wa kwathu ndi wa pa cibale ndi wa Mwase wa ku Kasungu, tsidya lija la malire, ndipo mpaka lero uthenga wa maliro umaoloka malirewo osafunsidwa pasipoti. Tinazingidwa ndi Atumbuka ndi Angoni, kotero kuti munthu wa kwathu amayamba ciganizo m'Cicewa nacitsiriza m'Citumbuka osazindikira. M'caka ca 2018 Chasefu ndi Lumezi anapatulidwa nakhala maboma paokha, koma ife tinatsala ku Lundazi.

Tisanabalalike, mphunzitsi anatiwerengetsa za amene anayenda njira imeneyi kale. Tinamva za Bronislaw Malinowski, amene anakakhala pa zilumba za Trobriand pakati pa 1915 ndi 1918 naphunzira cinenero ca eni ake m'malo modalira womasulira. Tinamva za Audrey Richards, amene anaonerera cinamwali ca Abemba m'caka ca 1931 nadzatulutsa buku lake m'caka ca 1956. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ku Livingstone kunakhazikitsidwa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, limene pambuyo pake linasamukira ku Lusaka ndi kudzalowa m'manja mwa University of Zambia. Bungweli linatumiza J. A. Barnes kwa Angoni a Mpezeni. Max Marwick naye anakhala pakati pa Acewa a kumwera kwa cigawo cathu m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo buku lake la 1965 limanena za ufiti ndi mikangano ya m'mabanja. Cimene cinandigwira mtima ndi cimene Lyn Schumaker analemba m'caka ca 2001: kumbuyo kwa Azungu amenewa kunali anthu akuda, omasulira ndi othandiza, amene anali kutsegula makomo, kufunsa mafunso ndi kulemba zimene amva, koma maina ao sapezeka pa cikuto ca mabuku.

Komabe si Azungu okha analemba. Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anasonkhanitsa mbiri ya Acewa kwa akuluakulu m'zaka za m'ma 1940, ndipo A. J. Makumbi analemba za maliro ndi miyambo ya Acewa m'cinenero cathu comwe. Jomo Kenyatta asanakhale mtsogoleri wa Kenya anaphunzira kwa Malinowski ku London, nalemba za mtundu wake wa Agikuyu m'caka ca 1938. Mphunzitsi anati wolemba za kwao ali ndi mwai ndi tsoka pamodzi. Mwai wake ndi wakuti sasowa womasulira. Tsoka lake ndi lakuti maso ake anazolowera. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amadabwa ndi ciliconse, pamene mwini mudzi amadumpha masamba oikidwa pa mseu, natsika pa njinga, navula cipewa, osafunsa kuti anayamba zimenezi ndani.

Mankhwala a maso ozolowera anali kabuku. Anatilamula kuti tsamba lililonse tilidule pakati ndi mzere. Kumanzere uzilemba zokhazo zimene maso aona ndi makutu amva: nthawi, ciwerengero ca anthu, anakhala pati, ananena ciani, mau ake eni eni. Kumanja uzilemba zimene mtima wako waganiza. Ciganizo conga "anthuwo anali kuseka mopanda ulemu" sicinali kuloledwa kumanzere, cifukwa kuseka ndiye unaona, koma kupanda ulemu ndi ciweruzo cako. Anatiuza za Clifford Geertz, amene m'caka ca 1973 anapereka citsanzo ca anyamata awiri: wina diso langophethira lokha, wina watsinya diso dala kuti auze mnzake kanthu. Pa cithunzi awiriwo ndi ofanana, koma wodziwa mwambo wa malowo amaona kusiyana. Tsono nchito ya wolemba ndiyo kufotokoza mokwanira kuti wowerenga nayenso aone kusiyanako. Malamulo ena anali afupi: pempha cilolezo, usajambule munthu asanavomere, bisa maina, ndipo lemba tsiku lomwelo dzuwa lisanatulukenso.

Ndinafika kumudzi pa chuthi ca August. Agogo anga akazi atamva cimene ndadzera anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Tsono iwe mdzukulu wanga, ukudikira kuti wina afe kuti upase mayeso?" Mauwo ndinawalemba kumanzere monga anawanenera. Kumanja ndinasiya popanda kanthu, cifukwa sindinapeze coyankha, ndipo mpaka lero ndimaona kuti agogo anakhudza cilonda ceni ceni ca nchito imeneyi. Wolemba za anthu amadya pa misozi ya anzake, ndipo cimene angacite ndi kubweza kanthu kolingana.

Amalume ananditengera kwa amfumu a mudzi wathu. Tinakhala pansi, tinaomba m'manja, amalume nafotokoza. Amfumu sanavomere kapena kukana. Anaitanitsa mkulu wa adzukulu, bambo wa zaka za m'ma 60, woonda, wa cipsera pa mkono, amene m'nkhani ino ndizingomuti aBanda, pakuti kwathu a Banda ndi osawerengeka. ABanda anamvetsera ali cigwadire, akusema mpini. Atatha anati, "Mwana wanga, kumanda sikupita munthu woonerera. Woonerera kumanda timamupatsa dzina lina, ndipo iwe dzinalo sungalikonde. Ukafuna kuona, tenga khasu. Kabukuko kakhale m'thumba. Foni usiye kwa agogo ako."

M'milungu isanu ndi umodzi imene ndinakhala kumudzi kunagwa maliro atatu m'midzi ya pafupi, ndipo onse ndinakumba nao.

Oyamba anali a mai wina wokalamba. Tinanyamuka tambala wacitatu atalira, mphepo ya August ikuluma m'makutu. Tisanagwire dothi tinadikira mwini mbumba, mlongo wake wa malemu, kuti adzaloze malo pafupi ndi manda a mai wao, pakuti kwa ife Acewa munthu amagona kucikazi kwao. Iye atangoloza anabwerera kumudzi. ABanda anali atapita kale pa siwa ndi bango kukayeza bokosi, ndipo bango lomwelo ndilo anagoneka pansi nalemba malire ndi khasu. Wacibale weni weni wa malemu sakumba. Okumba ndi a mabanja ena, amene mawa adzakumbiridwa ndi aja akulira lero. Tinalipo 24. Awiri amalowa m'dzenje, wina wa piki wina wa fosholo, ndipo palibe amene amauza mnzake kuti nthawi yako yakwana. Munthu akangoona kuti piki ya mnzake yayamba kugwa mofooka, amatambasula dzanja, winayo natuluka. Ndinayesa kuwerenga mumtima kuti munthu amatha mphindi zingati m'dzenjemo, ndinapeza kuti anyamata amathamangira kulowa dothi likali lofewa pamwamba, koma pofika pa dothi lofiira lolimba, pamene mizu ifuna nkhwangwa, amene amatsala ndi amuna aakulu. Ine matuza anaphulika nthawi isanafike 7 koloko, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa linakhala "aKoleji".

Nthabwala zilipodi, anyamata anga sananame, ndipo zina sizingalembedwe m'magazini ino. Anali kumuseka malemu kuti anali woumira pa mcere, nati lero tione ngati atimane nkhuku. Mwana wa malemu atabwera ndi madzi akumwa, maso ali ofiira, wina anamufunsa ngati alira mai wake kapena alira mbuzi imene iphedwe. Mtima wanga unadumpha. Koma kumanzere kwa tsamba ndinayenera kulemba cimene cinatsatira, ndipo cinali ici: mwanayo anaseka, kuseka kwake koyamba cifere mai wake, nakhala nafe pansi kwa kanthawi asanabwerere. Madzulo ndinafunsa aBanda ngati ofedwa sakwiya. Anati, "Akakwiya ndiye kuti sitinakhale bwino ndi banja limenelo. Munthu wosamudziwa sungamuseke pa maliro." Pamenepo ndinakumbukira cimbuya cimene timaciona m'matauni, pamene Abemba amathira ufa anthu a kum'mawa pa maliro ndi kuwalipiritsa, ife nkudzabwezera tsiku lao likafika. Woona ali patali angati ndi cipongwe.

Mowa nao ndinauona, kabotolo kamodzi ka kacasu kamene kanayenda m'manja mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ena onse anakana, ndipo panalibe wokakamiza mnzake. Nsima inabwera dzenje litafika m'cifuwa, ndiwo yake nkhuku ziwiri. Tinadyera pomwepo, kunja pang'ono kwa manda. Titatha kuika, zida zonse ndi manja tinakatsuka ku dambo tisanalowe m'mudzi.

Maliro aciwiri anali a khanda, ndipo ndidutsapo msanga monga mwambo womwe umadutsira. Panalibe nthabwala, panalibe nkhuku, ndipo nchito inatha dzuwa lisanakwere.

Acitatu ndiwo anadzaza theka la kabuku kanga. Malemu anali bambo amene anakhala ku Lusaka zaka zoposa 30. Thupi linafika usiku pa galimoto, m'bokosi lonyezimira limene ana a m'mudzi anali kukankhana kuti alione. M'mawa tinapita kumanda monga mwa nthawi zonse, mwini mbumba analoza malo, aBanda anagoneka bango. Kenaka onse anakakhala pansi pa mtengo wa muwanga, makasu ali pambali. Palibe anakamba kanthu. Dzuwa linakwera. Ca m'ma 9 koloko mwana wamkulu wa malemu anafika atavala suti yakuda, nafunsa cimene cavuta. Anamuuza kuti akafunse buku.

Bukulo ndinali ndisanalione. Ndi buku lacikuto colimba limene mlembi wa amfumu amasunga, ndipo maliro aliwonse amalembamo nyumba zimene zapereka ufa, nkhuni, ndalama kapena munthu wokumba. Dzina la malemu linali kupezeka apa ndi apo pa ndalama zotumiza pa foni, koma iye mwini, ngakhale mwana wake mmodzi, anali asanaonekepo pa maliro a munthu wa m'mudzimo kwa zaka zambiri. Mwanayo anati alipira, achule mtengo. Mau amenewo ndiwo anaononga zinthu. Mmodzi wa adzukulu anaimirira nati, "Ife si aganyu. Ukafuna aganyu bwerera nao atate ako ku Chingwere." Anati maliro n'kulirana, ndipo ndalama siigwira fosholo.

Mphunzitsi anali atatiuza kuti pa mkangano usamvere mbali imodzi, ngakhale mbaliyo ikhale ya anzako odya nao. Conco masiku otsatira ndinayenda nyumba ndi nyumba. Mwana wa malemu, mtima utatsika, anandiuza kuti atate ake anali mlonda pa kampani ina, ndipo kupempha masiku anai a ulendo wa ku Lundazi kunali ngati kupempha kucotsedwa nchito. Anati m'caka ca 2021, pamene boma linaletsa anthu kusonkhana ambiri pa maliro cifukwa ca COVID-19, atate ake anatumiza ndalama za bokosi la munthu amene sanali ngakhale m'bale wao. Anachulanso ana awiri a m'mudzimo amene malemu anawalipirira sukulu, ndipo mmodzi wa iwo mkulu wake anali nafe pansi pa muwanga tsiku lija. Nditafufuza ndinapeza kuti zinali zoona. Adzukulu nao sanakane zimenezi. Anati za sukulu anacitira banja limodzi, pamene manda ndi ngongole ya mudzi wonse. Mai wina wacikulire anandiuza cinthu cimene amuna onse sanachule: adzukulu sanali kulanga wakufa, pakuti wakufa samva dzuwa, koma anali kulankhula ndi amoyo onse a ku Lusaka ndi ku Copperbelt amene anabwera pa galimoto lija, kuti aone ndi maso cimene cidzacitika tsiku lao.

Amene anamasula mfundo tsiku lija anali mlongo wa malemu, mai amene sanacokepo m'mudzimo. Anabwera kumanda, kumene akazi safika nthawi yokumba, nagwada capatali. Sanapepese m'malo mwa mlongo wake. Anangoyamba kuchula maliro amene iye anaphikako, limodzi limodzi, kuyambira a atate a aBanda. Atafika pa acisanu ndi ciwiri aBanda anatola khasu. Banja linapereka mbuzi, mwana uja anavula jekete nagwada kupepesa pa mau aja a mtengo, ndipo tinaika malemu dzuwa litapendeka kwambiri.

Mukandifunsa maganizo anga, a kumanja kwa tsamba, ndinganene kuti adzukulu anali ndi mfundo, koma buku lao lili ndi diso limodzi. Limaona ufa ndi fosholo, koma silinapeze mzere wolembapo munthu amene nchito inamumanga kutali ndipo amathandiza m'njira zina. Midzi yathu yatumiza ana ambiri m'matauni ndipo imadya ndalama zao. Komanso ndinaona ndi maso anga kuti dzenje la mamita awiri m'dothi la August silikumbika ndi uthenga wa pa foni. Pamafunika misana, ndipo misanayo ikucepa caka ndi caka. Zonse ziwiri ndinazilemba, ndipo sindinayese kuzigwirizanitsa.

Nanga funso lija la dzina? Ndinafunsa akulu asanu, ndinalandira mayankho atatu. Awiri anati mwana amaopa kholo lake, sangaliseke kapena kuligwira thupi, koma mdzukulu ndi agogo ake ndi anthu oseweretsana, mpaka mdzukulu wamwamuna amachedwa "amuna anga" ndi agogo ake akazi. Tsono munthu amene angathe kugwira mtembo ndi kuseka pamaso pa imfa ayenera kukhala pa malo a mdzukulu. Awiri ena anati dzinalo limapanga cibale pamene panalibe cibale, kuti wakufa asaikidwe ndi alendo. Wacisanu anali agogo anga, amene anati, "N'cifukwa cakuti onse awiri amadya nkhuku zako osapempha." Ndinalemba mayankho onse atatu. Ndikhulupirira kuti loyamba ndilo lili pafupi ndi muzu, koma la agogo ndilo mphunzitsi analilemba mzere kunsi.

Kulemba kwenikweni kunali kowawa kuposa matuza. Kabuku kanali m'Cicewa cosakaniza ndi Citumbuka, koma nkhani inafunika m'Cingelezi. Mau a Cingelezi amene ali pafupi ndi "adzukulu" amanena za munthu wolembedwa nchito yokumba manda, wolandira malipiro pa mwezi, ndiye cinthu comwe anthu aja anakana kukhala pansi pa muwanga. Ndikanalemba mau amenewo ndikanawatukwana m'cinenero cimene sakanatha kudziteteza naco. Ndinapita kwa mphunzitsi, ndipo anati ndisiye "adzukulu" momwemo, "siwa" momwemo, "mwini mbumba" momwemo, ndi kumanga ziganizo zowazungulira kuti mlendo amve tanthauzo popanda kumuimitsa. Ndime yoyamba yokha ndinailemba kasanu ndi kamodzi. Ndinaphunziranso kudula. Masamba 70 a kabuku anayenera kulowa m'masamba 15, ndipo zimene zinatsala kunja, monga kusiyana kwa nyimbo za usiku ndi za panjira ya kumanda, zimandiwawabe.

Lamulo lotsiriza linali lakuti nkhani isanaperekedwe komaliza, ikawerengedwe kwa eni ake. Ndinakwera basi mwezi wa October, ndipo tinakhala pa bwalo la amfumu, ine ndikumasulira m'Cicewa tsamba ndi tsamba. Anaseka pamene anadzizindikira ngakhale maina ndinabisa. Anandikonza pa mfundo ya amene amayamba kuponya dothi. Koma nditafika pa ndime ina, yonena zimene zimacitika manda akakumana ndi mwala kapena akagumuka okha, bwalo linati zii. ABanda anati, "Izo tinakuuza cifukwa unali m'dzenje. Wa pa pepala sanalowemo." Ndinawauza kuti ndimeyo mphunzitsi anaiona kale ndipo anati ndiyo mtima wa nkhani yonse. Anayankha kuti mphunzitsiyo ngati afuna abwere ndi khasu lake.

Ndimeyo ndinaicotsa. Mphunzitsi anandiuza mosabisa kuti nkhani yacepa mphamvu ndipo malikisi atsikako, koma anati iyenso akanacita cimodzimodzi. Pano sindiilembanso. Kwa anyamata anga a kwaya, amene ndidziwa kuti mukuwerenga ndi cidwi pofika apa, ndinganene cokhaci: m'maliro atatu aja palibe anandipempha kucita kanthu kotsutsana ndi cikhulupiriro canga, ndipo pamene panali cinthu cimene sindinafune kugwirako, ndinaima pambali popanda wondinyoza. Pakati pa okumba 24 aja panali madikoni awiri a mipingo yosiyana.

Titatha kuwerenga, azakhali anga, amene anali kumvetsera ali kumbuyo ndi azimai anzao, anandiitana. Anati nkhani ndi yabwino koma ndi ya amuna. Anafunsa kuti madzi amene tinamwa kumanda anatunga ndani, ufa anapita nao ndani ku cigayo usiku, ndipo amene anasambitsa thupi la mai wokalamba uja, amenenso amachedwa adzukulu, ali pa tsamba liti. Munthu wa khasu sangakhale kumanda ndi kukhicini nthawi imodzi, ndiponso m'nyumba ya siwa muli malo amene mwamuna saloledwa. Mbali imeneyo ikudikira mtsikana wina wa inu amene ali ndi kabuku ndi cipiriro. Sipafunika koleji kuti munthu adule tsamba pakati.

Pa msonkhano wa acinyamata wa Khirisimasi ndinawerenga nkhaniyo. Tinakangana mpaka usiku, ndipo sitinagwirizane tonse. Ena anati kuimba usiku wonse ndi nchito yokwanira, ndipo ali ndi mfundo, pakuti munthu amene sanagone sangagwire piki bwino. Tinapangana kuti pa maliro aliwonse anyamata anai azisiya kuimba pakati pa usiku, akagone, kuti m'mawa apite kumanda. Pa maliro ena zimatheka, pa ena amapita awiri.

ABanda anamwalira m'caka ca 2024, caka ca cilala cija cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza m'mwezi wa February kuti ndi tsoka la dziko lonse. Uthenga unandipeza ku Chipata, ndinafika usiku. Popeza sindine wa banja lao, malo anga anali m'dzenje. Dothi linali louma ngati njerwa yoocha, piki inali kudumpha, ndipo tinacita kuthira madzi ndi kudikira kuti alowe. Nsima inabwera yocepa, cifukwa m'nkhokwe zambiri munalibe kanthu, koma nkhuku zinali zitatu. Wina anati mkuluyu anatikumbitsa moyo wake wonse, lero watisankhiranso caka couma dala. Panabuka mkangano wa amene ayeze bokosi, pakuti kwa zaka zonse bango linali kugwiridwa ndi munthu mmodzi, ndipo panalibe anaganizapo za wolowa m'malo. Pomaliza anapatsa mwamuna wina wa zaka za m'ma 40 amene sakonda kulankhula. Anayeza kawiri, manja akunjenjemera, nawonjezera cikhatho cimodzi kumutu monga anali kucitira mwini wake. Okumba tinalipo 31, ndipo asanu anali a kwaya.